Kodi mumadziwa?

Ku Kitwe ndi ku Ndola mvula imagwa yopitirira mamilimita 1,000 pachaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo. Mvula yotereyi imatsuka chonde m'nthaka n'kuisiya ili ndi asidi wambiri. Onjezani apo fumbi ndi utsi wa migodi. Mgodi wa Nkana ku Kitwe unayamba kutulutsa kopa mu 1932, ndipo dothi la malo ena oyandikana nawo lili ndi kopa ndi kobati wochuluka.

N'chifukwa chake bedi lokwezeka kuseri kwa nyumba ndi lofunika kwambiri kumeneko. Mumamanga mpanda wa njerwa kapena matabwa wofika chapafupi ndi m'mawondo, n'kuthiramo dothi lochokera kutali ndi migodi losakaniza ndi manyowa owolerana a nkhuku. Madzi sadikha, mizu ya repu, tomato ndi bonongwe siola. Laimu wothira m'munda amachepetsa asidi, ndipo miyala yake imakumbidwa ku Ndola komweko.

Koma bedi silitchinga fumbi. Nkhwani ndi chigwada muzizitsuka mobwerezabwereza musanaphike, makamaka m'chilimwe pamene mphepo ikuulutsa fumbi la pamilu ya zotsalira za mgodi.