Kagiya kamodzi kakathyoka, ndani alipire?

Pa 29 Novembala 2023 ndege yankhondo ya America yotchedwa CV-22 Osprey idagwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Yakushima ku Japan. Asilikali onse 8 omwe adali m'ndegemo adafa. Padalibe mdani amene adaiwombera. Ofufuza adapeza kuti kagiya kena m'bokosi la magiya lomwe limazungulitsa mapiko kadasweka, ndipo zidutswa zake zidaononga magiya ena. Akatswiri akuganiza kuti mng'alu udayambira pa kachitsotso komwe kadatsalira m'chitsulo pochisungunula kufakitale. Sabata yotsatira ndege zonse za mtunduwu adaziimitsa, ndipo zidaloledwa kuulukanso mu Malichi 2024.

Mwina mukufunsa kuti nkhani ya ndege ikufunanji patsamba la zaumoyo. Tiyeni tiyambe taona momwe amakaniko a asilikali amachitira akapeza chipangizo choipa, chifukwa njira yake mukuidziwa kale inu amene mumasunga mankhwala.

Chitsulo chisanathyoke chimayamba chanyenyeka. N'chifukwa chake m'bokosi la magiya amaikamo kamaginito kokoka tizidutswa tachitsulo toyandama mu oyilo. Tikachuluka, nyali yochenjeza imayaka kwa woyendetsa ndege. Paulendo wa ku Yakushima nyaliyi idayaka kangapo, ndipo lipoti la asilikali a m'mlengalenga lidati kupitiriza ulendo m'malo motera msanga kudaonjezera ngoziyo.

Nthawi zambiri vuto limagwidwa ndege ili pansi. Makaniko amatsegula bokosi la chipangizo chatsopano, n'kupeza kuti sichikulowa pamalo pake, kapena chafa chitangogwira ntchito maola ochepa. Apa mtima umamuuza zinthu ziwiri: achitaye atenge china, kapena achitsegule achikonze. Malamulo amaletsa zonse ziwiri. Amachimangirira kachikwangwani, n'kuchitsekera pachokha kuti wina asachitenge mosadziwa, kenako amalemba lipoti lomwe asilikali a America amalitcha PQDR. Ngati vutolo lingaphe munthu kapena kugwetsa ndege, lipotilo liyenera kutumizidwa pasanathe maola 24.

Chipangizo choipacho ndi mboni. Mukachitsegula, kampani yomwe idachipanga inena kuti mwachiononga ndinu, ndipo waranti yathera pompo. Waranti ndi lonjezo lolembedwa mu mgwirizano wogulira katundu, loti chinthu chikalephera nthawi yomwe adagwirizana isanakwane, wogulitsa achikonza, apereka china kapena abweza ndalama. Pa ndege nthawiyi amaiwerenga m'miyezi kapena m'maola ouluka. Msampha wake uli apa: chipangizo chikhoza kukhala m'nkhokwe zaka zingapo, waranti n'kutha chisanamangidwe n'komwe pa ndege. Ofufuza za chuma mu unduna wa zachitetezo wa America adadzudzulapo nthambi yogula katundu wa asilikali chifukwa chosatsatira makampani kuti abweze ndalama za zipangizo zoipa. Zikatere wolipira ndi wokhoma msonkho, kawiri konse.

Koma kwa ine chofunika kwambiri pa lipoti lija si ndalama. Ndi nambala. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala yosonyeza gulu lomwe chidapangidwira limodzi. Chimodzi chikaipa, anzake a m'gulu lomwelo amakayikiridwa onse, kaya ali m'nkhokwe kaya ali kale m'ndege kutsidya kwa nyanja. Makaniko amene wangotaya chipangizo mwakachetechete wakonza ndege imodzi, koma zinazo wazisiya pangozi.

Palinso zipangizo zachinyengo, zomwe zilibe waranti ngakhale pang'ono. Mu 2012 komiti yoona za asilikali m'nyumba ya malamulo ya Senate, motsogozedwa ndi Carl Levin ndi John McCain, idatulutsa lipoti lonena za milandu pafupifupi 1,800 yokhudza tizipangizo tamagetsi tokayikitsa toposa 1 miliyoni. Tina tidapezeka m'ndege za C-130J ndi C-27J komanso mu helikopita ya SH-60B. Mwa milandu yomwe adailondola mpaka kuchiyambi, yoposa 70 pa 100 iliyonse idachokera ku China. Anthu amazula tizipangizoti m'makompyuta otayidwa, kutitsuka, kupala zolemba zakale n'kudindapo zatsopano. Poyesa koyamba timagwira ntchito bwinobwino, n'kudzafa ndege ili m'mwamba. Lamulo lomwe lidakhazikitsidwa kumapeto kwa 2011 lidati makampani akuluakulu ogulitsa zida ku boma ndiwo azisenza mtengo wochotsa zachinyengozo.

Tsopano tengani botolo la mankhwala a mwana wanu. Pafupi ndi tsiku lothera mphamvu pali nambala ina yolembedwa kuti Batch kapena Lot. Ndi nambala ya gulu ija. Mu Okutobala 2022 bungwe la WHO lidachenjeza za mitundu inayi ya mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine omwe adapezeka ku Gambia ali ndi poizoni woononga impso. Ana pafupifupi 70 adamwalira m'dzikomo. Bungwe lomweli lidati mu 2017 pafupifupi mankhwala amodzi mwa 10 alionse m'maiko osauka ndi apakatikati ndi osakwanira mphamvu kapena achinyengo.

Choncho mapilitsi akasintha mtundu kapena kunyenyeka, mankhwala amadzi akachita matope osazolowereka, kapena zida zoyezera malungo za m'bokosi limodzi zikamalephera kuonetsa mzere wotsimikiza kuti zikugwira ntchito, chitani ngati makaniko uja. Siyani kugwiritsa ntchito. Musataye m'chimbudzi, ndipo musasakanize ndi ena. Sungani botolo ndi bokosi lake momwe, lembani nambala ya gulu, tsiku ndi komwe mudawalandira kapena kuwagula, ndipo mukapereke kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kwa wopereka mankhwala pachipatala chapafupi. Iwo ndiwo amatumiza nkhaniyo ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, lomwe lili ndi mphamvu yoitanitsa gulu lonselo kuti lichoke m'masitolo ndi m'zipatala. Ngati mwana wamwa kale ndipo sakukodza, akusanza kapena wafooka, musadikire kuti kuche: thamangirani naye kuchipatala, botololo lili m'manja.