Chimene chimakweza mtengo wa chikwama

Munthu woyenda mumsewu wa M5 kuchokera pa boma la Nkhotakota, kudzera ku Dwangwa mpaka pa Dwambazi m'malire ndi Nkhata Bay, amadutsa m'dera lomwe luso la zolukaluka lidazika mizu kalekale. Mikeka, zipewa ndi zikwama za mlaza zimagulidwa pamtengo woti woluka angopezapo ya sopo ndi mchere. Chonsecho kampani ya Loewe ya ku Spain imagulitsa pa madola mazanamazana chikwama cholukidwa ndi masamba a mtengo wa mtundu umodzi ndi mgwalangwa, chongoikidwa zogwirira zachikopa.

Dzina la kampani limakwezadi mtengo, koma dzinalo limamangidwa ndi ntchito ya munthu amene wogula samuona, yemwe ambiri amamutcha dizaina. Iyeyu ndiye amaganiza za chikwama chisanasokedwe.

Ntchito yake imayamba ndi mafunso: chikwamachi adzanyamule ndani, adzaikemo chiyani, nanga adzachikoleke paphewa kapena adzachigwire m'manja? Akapeza mayankho amajambula, kenaka n'kudula patani pa katoni, chidutswa chilichonse ndi muyeso wake. Chikwama choyamba amachisoka ndi nsalu yotsika mtengo pofuna kuona ngati chikuima bwino chikaikidwa pansi, ngati zipi ikutseguka mosavuta komanso ngati lamba sakupweteka phewa. Cholakwika chimakonzedwa pomwepo, chifukwa chikopa chikabooledwa ndi singano, bowolo silitsekekanso.

Pakampani yaing'ono, dizaina amasenza zambiri. Amasankha yekha chikopa, ulusi, nsalu yam'kati ndi zitsulo. Amawerengera zidutswa zomwe zingatuluke pachikopa chimodzi, popeza cha pamsana chimakhala cholimba pomwe cha kumimba chimatamuka. Amawerengeranso maola a mmisiri asanatchule mtengo. Akalakwitsa masamu, chikwama chikhoza kukongola ndithu koma kampani n'kugwa.

Kampani ya Hermès, yomwe idayamba ku Paris mu 1837 ndi ntchito yosoka zingwe za akavalo, imaonetsa kumene kusamala kotere kumafikitsa. Chikwama chake chotchuka cha Birkin, chomwe chidatuluka mu 1984, chimasokedwa ndi mmisiri mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo misoko yake yofunika kwambiri imasokedwa pamanja ndi singano ziwiri kuti ulusi ukaduka pamodzi msoko wonse usamasuke.

Kuno kwathu umboni woti kampani yaing'ono ikhoza kufika patali ulipo. Mu September 2019, Meghan Markle, mkazi wa Prince Harry wa ku Britain, adavala diresi ya kampani ya Mayamiko, yosokedwa ku Lilongwe, paulendo wake ku Cape Town, ndipo dzina la kampaniyo lidamveka m'maiko ambiri. Ngakhale chidali chovala osati chikwama, phunziro lake n'limodzi: nsalu wamba imakwera mtengo ikadutsa m'manja mwa wodziwa kuganiza ndi kuyeza.

Zopinga zilipo. Zikopa zambiri za ng'ombe ndi mbuzi zimatuluka m'dziko muno zosafufuta, ndipo amisiri amagula chikopa chofufutidwa bwino, mazipi ndi zitsulo zochokera kunja, pomwe ndalama zakunja n'zosowa. N'chifukwa chake mlaza uli ndi mwayi wapadera: umamera konkuno ndipo manja oudziwa alipo kale.

Chomwe chimasowa kawirikawiri ndi muyeso. Wogula wa ku Johannesburg kapena London akaitanitsa zikwama 50, amafuna zonse zifanane msinkhu, mtundu ndi kulimba kwa zogwirira. Woluka wa ku Dwambazi akapatsidwa patani yomveka, chikombole cholukirapo ndi malipiro owerengera masiku omwe wagwira ntchito, akhoza kukwanitsa zimenezi osachoka pamudzi pake. Udindo wopereka zitatuzi ndi wa dizaina.