Mafilimu a Joyah afika ku Lagos, nanga ku Migowi?

Dzuwa likapendeka pa Migowi kapena pa Chiringa m'boma la Phalombe, phokoso limene limalamulira msika ndi la timanyumba toonetsera vidiyo. Anyamata amakhala mothithikana pa mabenchi, maso ali pa kanema wa nkhonya wochokera ku China kapena wa chikondi wa ku India, mawu ake atalowetsedwa m'Chichewa. Nyumba yeniyeni ya kanema m'bomali mulibe, choncho kwa ambiri filimu ndi imeneyi. Dzina la Charles Shemu Joyah, mkonzi wa mafilimu amene wabweretsera dziko lino ulemu wochuluka, silitchulidwa kawirikawiri pa mabenchi amenewa.

Joyah anabadwira ku Zimbabwe, makolo ake ali Amalawi, ndipo ntchito imene anaiphunzira ndi yoyeza malo. Kamera anaigwira ali kale munthu wamkulu. Filimu yake yoyamba, Seasons of a Life, ikukamba za mtsikana wantchito amene apatsidwa pathupi ndi bwana wake. Mwanayo akuleredwa ndi banja la bwanayo, lomwe linalibe mphatso ya ana, ndipo mtsikanayo, ataphunzira mpaka kukhala loya, akubwerera kudzamenyera mwana wake kukhothi. Nkhani yotere si yachilendo kwa makolo a m'midzi amene amatumiza ana awo aakazi ku Blantyre kukagwira ntchito za m'nyumba. Chachilendo chinali kuiona pa kanema itakonzedwa mosamala chotero. Mu 2010 Tapiwa Gwaza, mmodzi mwa ochita sewero m'filimuyi, analandira mphotho ya Africa Movie Academy Awards ku Nigeria.

Mu 2012 kunabwera The Last Fishing Boat, yonena za msodzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi amene nsomba zikumuthawa pamene alendo odzaona malo akusokoneza banja lake. Kenako mu 2017 anatulutsa The Road to Sunrise, nkhani ya amayi awiri oyendayenda mumzinda wa Blantyre, mmodzi mwa iwo akuimbidwa mlandu wakupha mwamuna wachuma amene anafuna kumugwirira. Filimuyi inapambana ku Lagos mu 2018 pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards ngati yoposa zonse kuchigawo cha kummwera kwa Africa, mphotho imene Joyce Mhango Chavula anali atatenga mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Inalinso filimu yoyamba imene Malawi inatumiza ku mpikisano wa Oscar, ngakhale sinalowe m'ndime yomaliza.

Mafilimu atatuwa akutenga zaka pafupifupi khumi. Kuchepa kwake sikukusonyeza ulesi. Filimu imadya ndalama zambiri isanabweze ngakhale tambala, ndipo kuno ikangotuluka anthu amaikopera pa memori khadi nkumagawana, mwini wake osaonapo kanthu.

Ku Belgium, abale awiri Jean-Pierre ndi Luc Dardenne amajambula anthu a mtundu womwewu, osauka ndi osowa ntchito, makamaka m'tauni ya mafakitale ya Seraing komwe anakulira. Anatenga mphotho yaikulu ya ku Cannes kawiri, ndi Rosetta mu 1999 komanso L'Enfant mu 2005. Koma kumbuyo kwawo kuli thumba la boma lothandiza mafilimu, nyumba za kanema zogulitsa matikiti ndi wailesi zakanema zogula ntchito yawo. Wa ku Seraing atha kulipira tikiti nkukadziona yekha pa chinsalu.

Phalombe nayo ili ndi nkhani zoyenera kamera. Napolo wa mu Marichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi nkukokolola midzi, akadali m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo namondwe Freddy wa mu 2023 anatsegulanso bala lomwelo. Amene anapulumuka alipo ndipo amasimba. Madzulo adzukulu awo amapita pa msika kukaonera nkhonya za ku China.