Dzina Limadikira Mchombo

Kuno ku Tamanda mwana akabadwa sitithamangira kumutcha dzina. Amayamba wakhala m'chikuta ndi amake, ambuya akumuyang'anira, mpaka mchombo utagwa. Masiku amenewo timangoti "khandalo" kapena "mlendo uja". Akatulutsidwa panja m'pamene akuluakulu amatchula dzina.

Asayansi nawonso ali ndi chikuta chawo. Tchati cha maelementi chija chimapachikidwa m'kalasi ya sayansi chili ndi timabokosi 118. Mkuwa, chitsulo ndi golide timazikumba pansi, koma zakumapeto kwa tchaticho sizipezeka m'mgodi uliwonse. Zimachita kupangidwa powombanitsa maatomu m'makina akuluakulu mpaka awiri atamatirirana n'kukhala atomu imodzi yolemera. Ku Japan, gulu la Kosuke Morita pa RIKEN linawombera zinki pa bismuth zaka ndi zaka, n'kungopeza maatomu atatu a elementi ya 113: mu 2004, 2005 ndi 2012. Atatu basi!

Podikira, khandalo limapatsidwa dzina lam'chikuta longowerenga nambala yake m'mawu a Chilatini ndi Chigiriki. Ya 113 inkatchedwa ununtrium. Anamkungwi ake ndi bungwe la akatswiri a kemisitiri lotchedwa IUPAC, mothandizana ndi anzawo a fizikisi. Iwowa sakomedwa ndi nthungululu za makolo. Amafuna umboni woti mwanayo anabadwadi, ndiponso kuti anabadwira m'nyumba ya yani. Amene umboni wamukomera ndiye amapatsidwa ufulu wosankha dzina.

Pa 30 Disembala 2015 anamkungwiwa anavomereza maelementi anayi: 113, 115, 117 ndi 118. Mayina analengezedwa mu Juni 2016, n'kupereka miyezi isanu kuti wodandaula adandaule, ndipo pa 28 Novembala anakhazikika: nihonium, kuchokera ku Nihon, mmene Ajapani amatchulira dziko lawo, moscovium, wa chigawo cha Moscow, tennessine, wa Tennessee ku America, ndi oganesson, wotengera Yuri Oganessian adakali moyo. Kutcha elementi dzina la wasayansi wamoyo kunali kutachitikapo kamodzi kokha, pa Glenn Seaborg.

Sungatche dzina lililonse lakubwerera m'mutu. Liyenera kuchokera ku malo, kwa wasayansi, ku mwala wam'mgodi, ku khalidwe la chinthucho kapena ku nthano. Mwambowu ndi wakale ndithu. Mkuwa wa ku Copperbelt umene timaunyadira umalembedwa Cu chifukwa cha chilumba cha Cyprus, ndipo kobati anatengera kobold, kamzimu kovuta ka m'nthano za anthu a m'migodi ku Germany. Ife timakumba, dzina n'la eni ake.

Nanga akuchimuna ndi akuchikazi akalimbirana dzina? Zinachitikapo, ndipo zinafika poipa. Asayansi a ku Dubna ku Soviet Union ndi a ku Berkeley ku America onse ankati elementi ya 104 ndi ya 105 ndi ana awo. Ya 104 kwina inkaitanidwa kurchatovium, kwina rutherfordium. Ya 105 kwina nielsbohrium, kwina hahnium. Tangoganizani mwana woti kumudzi kwa bambo ake amavomera dzina lina, kwa atsibweni ake lina, mpaka kumera ndevu. Mlanduwu unatha mu 1997 mogawana, monga amaweruzira anyakwawa: 104 inakhala rutherfordium, 105 n'kukhala dubnium.

Pali pamodzi pamene fanizo langali limatsimphina. Atomu ya oganesson sikhalitsa n'komwe; imasweka sekondi isanayambe bwino, chikope chisanaphethire. Kwathu khanda lotisiya lili m'chikuta amakaliika amayi okha mwakachetechete, lopanda dzina. Asayansi amatchabe, chifukwa dzinalo si la atomu imodziyo koma la pfuko, ngati Phiri, Banda kapena Jere: atomu iliyonse yokhala ndi mapulotoni 118, ibadwire ku Dubna kapena kwina, ndi oganesson.

Ya 119 sinabadwe, ngakhale a ku RIKEN ali kalikiliki kuifuna. Dzina lake lam'chikuta lilipo kale: ununennium.