Malungo akabwereranso: momwe mizere ya pa gel imaululira ngati mankhwala alephera

Mwana wa m'dera la Mfumu Yaikulu Kasisi m'boma la Chikwawa akamwa LA n'kuchira, kenako n'kubweranso ndi malungo patatha masabata atatu, pamakhala funso lalikulu: kodi mankhwala analephera kupha tizirombo tonse, kapena udzudzu wamupatsiranso tina? Kuchigwa cha Shire, komwe malungo amafala chaka chonse, zonsezi n'zotheka. Maikulosikopu singathe kusiyanitsa chifukwa tizirombo ta Plasmodium falciparum timaoneka mofanana. Yankho limapezeka mu DNA ya tizirombo, kudzera mu njira yotchedwa gel electrophoresis.

Ntchito imayambira kuchipatala. Pa kafukufuku woona mphamvu ya mankhwala, timadontho ta magazi timaumitsidwa pa pepala lapadera tsiku loyamba mwana asanamwe LA, komanso tsiku lomwe tizirombo tapezekanso. Ku labotale amachotsa DNA m'magazimo n'kuichulukitsa ndi makina a PCR. Amasankha mbali za DNA monga msp1 ndi msp2, zomwe kutalika kwake kumasiyana pakati pa mabanja a tizirombo.

Zidutswa za DNA sizioneka ndi maso, choncho zimafunika kuzipatula molingana ndi kutalika. Apa ndi pomwe gel amagwira ntchito. Amapangidwa ndi ufa wa agarose, wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere, womwe amauwiritsa m'madzi apadera n'kuusiya kuti uzizire ndi kugwirana ngati phala logona. Kumapeto kwake kumakhala timaenje tothiramo DNA. Akayatsa magetsi, DNA imakokedwa kupita kumbali ya pozitivi chifukwa iyo ili ndi mphamvu ya negetivi. Mkati mwa gel muli timipata tating'onoting'ono. Monga matemba amapyola msanga m'mabango kuposa mlamba waukulu, zidutswa zifupizifupi zimafika patali pomwe zazitali zimatsalira. Akathira utoto womamatira ku DNA n'kuunika ndi kuwala kwa UV, zidutswa zimaoneka ngati mizere. Pambali pake amayendetsa zidutswa zodziwika kale kutalika kwake, zomwe zimakhala ngati rula.

Magazi a masiku awiri aja amaikidwa moyandikana. Mizere ya tsiku lachiwiri ikakhala pamalo osiyana ndi ya tsiku loyamba, ndiye kuti mwana walandira tizirombo tatsopano ndipo LA anagwira ntchito. Mizere ikafanana, tizirombo takale tinapulumuka. Kumadera ngati Chikwawa munthu mmodzi amatha kukhala ndi mabanja angapo a tizirombo nthawi imodzi, kotero mizere imachuluka ndipo ina imafanana mwangozi. N'chifukwa chake ofufuza amayang'ana mbali zingapo za DNA asanagamule.

Zotsatirazi zimakhudza dziko lonse. Bungwe la WHO limalangiza kuti mankhwala oyambirira asinthidwe ngati akulephera kwa odwala oposa 10 pa 100 alionse, ndipo chiwerengerochi chimawerengedwa atachotsa kaye odwala omwe anatenga tizirombo tatsopano. Dziko la Malawi linasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 linayamba LA. Masiku ano tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin, gulu la mankhwala lomwe muli artemether wa mu LA, tapezeka ku Rwanda, Uganda ndi Tanzania.

Komabe gel sangakonze zomwe zalakwika kumudzi kapena kuchipatala. Pepala la magazi liyenera kulembedwa nambala ndi tsiku molondola, kuuma bwino pamthunzi ndi kusungidwa m'kathumba kakekake kopanda chinyezi. Mapepala awiri akakhudzana asanaume, DNA imasakanikirana. Mwana akapanda kumaliza LA, yemwe amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, mizere idzafanana ngakhale mankhwala alibe vuto. Chipangizo cha mRDT nachonso chimatha kuonetsabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira, choncho wobwereranso msanga amafunika kuyezedwa ndi maikulosikopu. Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka akaonetsetsa kuti mwana wamaliza mankhwala ndipo wabwera pa masiku onse omuyeza mpaka tsiku la 28, mizere ya pa gel imanena zoona.