Buku Lolembedwa ndi Manja Ambiri

Mwana wa sukulu ku Kabwata kapena kalaliki wa mu Cairo Road akafuna kudziwa kanthu, kawirikawiri atsegula Wikipedia pa foni yace. Buku limeneli linayamba m'caka ca 2001, ndipo munthu ali yense akhoza kulembamo kapena kusintha mau a mnzace. Pamenepo pali ubwino wace, ndi ngozi yace yomwe.

M'caka ca 2023 akatswiri awiri a mbiri yakale, a Jan Grabowski ndi a Shira Klein, anadandaula kuti kagulu ka olemba kanapotoza nkhani ya kuphedwa kwa Ayuda m'dziko la Poland pa nkhondo ya Hitler, ndi kucepsa mlandu wa eni dziko ena amene anathandiza akuphawo. Olembawo anakana, koma bwalo loweruza la Wikipedia linaletsa ena mwa iwo.

Ayuda sali alendo m'Lusaka. A Simon Zukas anapitikitsidwa ndi boma la atsamunda mu 1952 cifukwa comenyera ufulu wa dziko lino. Mbiri yao, ngakhale ya Zambia yense, ikhoza kupotozedwa momwemo. Cifukwa cace wowerenga wanzeru ayambe wayang'ana pansi pa tsamba, kumene mauwo acokera, asanawakhulupirire.