Peugeot 504 yodyedwa ndi dzimbiri: ntchito imayambira pati?

Makolo ambiri akuikumbukira Peugeot 504. Inayamba kupangidwa ku France mu 1968, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004. Zina zikadalipo, zangokhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Mwini wake akaganiza zoidzutsa, kawirikawiri amayamba wafunsa mtengo wa penti. Apo ndiye pamene ndalama zimatayikira, chifukwa penti ndi ntchito yomalizira.

Ophunzira amene munaikapo misomali m'madzi pa phunziro la Chemistry mukudziwa kuti dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni. Pa galimoto, madziwo amabisala m'matope okanirira pamwamba pa matayala, pansi pa kapeti ndi m'munsi mwa zitseko, makamaka timabowo totulutsira madzi tikatsekeka. Choncho dzimbiri limadya kuchokera mkati, monga chiswe chimadyera nsichi. Mukaona penti yatupa ngati matuza, dziwani kuti kuseri kwake kwatha kale. Pa 504 yonyamula anthu vutoli ndi lalikulu chifukwa ilibe chasesi yapayokha. Thupi lenilenilo ndi limene limasenza kulemera konse, ndiye zitsulo za m'munsi mwa zitseko zikaola, galimoto imafooka ngakhale injini ikulira bwino.

Mmisiri wodziwa ntchito amapala ndi gilainda mpaka chitsulo choyera chioneke. Pamene paola amadulapo, n'kusema chigamba cha lata latsopano lofanana makulidwe, n'kuchiwotcherera. Apa mpofunika kudekha. Lata la galimoto ndi lopyapyala, pafupifupi milimita imodzi. Makina a ndodo aja owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo amangolibowola. Oyenera ndi makina a MIG kapena moto wa gasi. Ngakhale ndi amenewa, sawotcherera mzere wautali kamodzi. Amadontheza kadontho apa, kena patali, n'kudikira kuti pazizire, mpaka madonthowo akumane. Wopupuluma amatenthetsa lata n'kulipinda ngati chiwaya chakale, ndipo kuliwongola kumadya masiku.

Kenako amasalaza ndi gilainda, n'kuwongola ndi nyundo. Fila, phala louma msanga lija, ntchito yake ndi kutseka timaenje totsala, osapitirira mamilimita atatu. Ine chimene chimandinyansa ndi kuona munthu akumata fila pa bowo la dzimbiri, nthawi zina atatsekamo nyuzipepala, n'kupopera penti kuti agulitse. Mvula imodzi kapena ziwiri, phala lija limasweka. Inu makolo ndi akuluakulu a komiti, mukamakaona galimoto yakale yogula, tengani maginito. Imamata pa chitsulo, koma pamene pali fila wochindikala imagwa.

Pakasalala amapopera pulaimala, amene amamatirira ku chitsulo n'kutsekereza chinyezi. Amakwecha ndi sandipepala, kuyambira wokhakhala wa nambala 80 pa fila mpaka wosalala wa 400 kapena 600, kenako penti m'magawo awiri kapena atatu opyapyala, pamalo opanda fumbi. Penti yonyezimira siibisa cholakwa, imachionetsa.

Kwa anyamata ndi atsikana amene mukulingalira za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA mukatha Fomu 4, mvetsani izi musanagwire chida. Batire imachotsedwa musanawotcherere. Thanki ya petulo imatsitsidwa n'kuikidwa kutali, ndipo yopanda mafuta ndi yoopsa kwambiri chifukwa imadzaza mpweya wophulika. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza maso, ululu wake n'kudzayamba usiku ngati mwathiridwa mchenga, choncho magalasi a dzuwa sakwanira. Penti yosakaniza ndi hadena imawononga mapapo, ndipo kansalu komanga pamphuno sikatchinga kanthu. Pamafunika chophimba kumaso chopangidwira ntchito yopopera penti.